Fomula akuidziwa pamtima, koma samu ikabwera m'mawu pensulo imaima

Mphunzitsi_Watsopano walemba:

Moni nonse, akuluakulu. Funso langa likupita kwa inu amene mwaphunzitsapo aljebura kwa ana ongoyamba kumene.

Wophunzira ukamufunsa fomula ya perimita ya rekitango amayankha osaphethira: P = 2L + 2W (L ndi mulitali, W ndi mulifupi). Ukamupatsa L = 10 ndi W = 4, amapeza 28 nthawi yomweyo. Ukamulembera 6x + 6 = 54, amasova bwinobwino n'kupeza 8. Koma zinthu zomwezi ukaziika m'chiganizo, pensulo imaima. Chitsanzo ndi ichi:

"Malo a rekitango awazunguliza ndi waya wotalika mamita 54. Mulitali mwake ndi kawiri mulifupi mwake, kuwonjezapo mamita 3. Pezani mulitali ndi mulifupi mwa malowo."

Mayankho amene amatuluka apa ndi amitundumitundu. Ena amagawa 54 ndi 2 n'kusiyira pa 27. Ena amaphatikiza 54 ndi 3 chifukwa aona mawu akuti "kuwonjezapo". Ena amayamba bwino ndithu koma amakathera pa 8.5 ndi 20, ndipo sakayika n'komwe chifukwa ntchito yawo ikuoneka yadongosolo.

Ndiye ndikufuna kudziwa: mwana azichita chiyani pakati pa kuwerenga funso ndi kulemba fomula? Kodi ayambe kulowetsa manambala mu fomula, kapena ayambe waitembenuza kuti chimene akufunacho chikhale chokha mbali imodzi? Nanga mndandanda uja wa mawu ozindikirira, woti "kuposa" ndi kuphatikiza, "kutsala" ndi kuchotsera, ndiwapatse kapena ayi?

Mayi_wa_Masamu ayankha:

Aphunzitsi, ndiyambe ndi funso lanu lomaliza chifukwa ndi lalifupi. Mndandandawo musawapatse. Taonani samu iyi: "Ndodo yaikulu ndi yotalika masentimita 90, ndipo ikuposa yaing'ono ndi masentimita 25. Yaing'onoyo ndi yotalika bwanji?" Mwana amene waloweza kuti "kuposa" ndi kuphatikiza alemba 115, ndiye kuti ndodo yaing'ono yatalika kuposa yaikulu. Yankho ndi 65. Mawu amodzi omwewo amafuna kuphatikiza pena, kuchotsera pena, kutengera ndi chimene chabisika. Mndandanda umaphunzitsa mwana kusaka mawu awiri atatu m'malo mowerenga chiganizo chonse, ndipo ana anu ophatikiza 54 ndi 3 aja akudwala matenda omwewa.

Tsopano chachikulu. Pakati pa kuwerenga ndi fomula pali ntchito imene ana amaidumpha chifukwa ilibe kuwerengetsa, ndiye amaona ngati si masamu. Ntchitoyo ndi kulemba, m'mawu athunthu, kuti nambala iliyonse ya m'funso ndi ya chiyani, ndiponso chimene chikufunidwa ndi chiyani. Pa samu yanu pepala la mwana liyenera kuyamba chonchi, asanakhudze fomula:

Waya wozungulira malo onse: mamita 54. Imeneyi ndi perimita.
Mulifupi: sitikudziwa. Tiutche W, kutanthauza chiwerengero cha mamita a mulifupi.
Mulitali: kawiri W, kuwonjezapo 3. Ndiye kuti 2W + 3.

Funsolo silinatchule mawu akuti perimita ngakhale kamodzi. Lanena za waya wozunguliza malo. Mwana ajambule rekitango, ayendetse chala m'mphepete mwake kuyambira pakona mpaka kubwerera pakona pomwepo, aone yekha kuti wayayo wadutsa mbali zinayi. Akatero fomula imabwera yokha. Funso likanati "malowo akufuna kuwapaka simenti pansi ponse", chala chikanayenda m'kati, ndipo fomula ikanakhala ya eriya. Kusankha fomula kumachitikira pachithunzipo.

Chifukwa chiyani chilembo tachipereka kwa mulifupi osati mulitali? Chifukwa chiganizo chikufotokoza mulitali pogwiritsa ntchito mulifupi. Chinthu chimene chinzake akuchiyezera, ndicho chilandire chilembo. Mukayamba ndi L zimathekabe, koma mulifupi mukhala (L − 3) ÷ 2, ndipo mwana wongoyamba asokonezeka ndi fulakishoniyo popanda chifukwa.

Kenako alowetse mu fomula:

54 = 2(2W + 3) + 2W
54 = 4W + 6 + 2W
54 = 6W + 6
48 = 6W
W = 8

Mulifupi ndi mamita 8, mulitali ndi 2 × 8 + 3, omwe ndi mamita 19. Ana ambiri amaima pa W = 8 n'kudula mzere pansi, kuiwala kuti funso lafunsa zinthu ziwiri. Azolowere kubwerera ku chiganizo chomaliza cha funso asanatseke ntchito.

Aja a 8.5 ndi 20 vuto lawo lili pa mzere woyamba. Analemba 54 = 2 × 2W + 3 + 2W popanda mabulaketi, ndiye 2 uja anachulukitsa 2W yekha n'kusiya 3. Zinatsala 6W + 3 = 54, W n'kukhala 8.5. M'mawu ena, mbali imodzi yaitali inalandira mamita 3 ake, inzake inamanidwa. Lamulo lothandiza ndi ili: nthawi iliyonse imene mukuchotsa chilembo mu fomula n'kuikapo chinthu china, yambani mwalemba mabulaketi opanda kanthu pamene panali chilembocho, kenako lembani chinthucho m'katimo. P = 2( ) + 2( ). Ngakhale chikhale nambala imodzi yokha. Chizolowezi chimenechi chidzawapulumutsa akadzafika pa manambala a mainasi, pamene (−3)² ndi 9 koma −3² ndi −9.

Ndipo poyesa yankho, asaliyese mu ikweshoni imene alemba okha. Ikweshoni ikakhala yolakwika, yankho lolakwikalo limagwirizana nayo bwinobwino: 6 × 8.5 + 3 ndi 54 ndithu, mwana n'kusangalala. Aliyese m'mawu a funso. Alembe 8.5 ndi 20 pa mbali zinayi za chithunzi chija n'kuphatikiza: 20 + 8.5 + 20 + 8.5 = 57. Waya anali mamita 54, choncho sangakwane. Ndi 19 ndi 8: 19 + 8 + 19 + 8 = 54, ndipo 19 ndi kawiri 8 kuwonjezapo 3. Ziganizo zonse ziwiri za funso zakwaniritsidwa.

Chinanso chimene ndimachiona chofunika kuposa mmene anthu amachiganizira: chilembo chimaimira nambala, osati chinthu. Yesani ana anu ndi ichi: "Pamalo oimika magalimoto, matayala ndi ochuluka kanayi kuposa magalimoto. Lembani ikweshoni pogwiritsa ntchito T pa chiwerengero cha matayala ndi G pa chiwerengero cha magalimoto." Ambiri, ngakhale akuluakulu, amalemba 4T = G, chifukwa m'mutu mwawo akuwerenga kuti "matayala anayi pa galimoto imodzi". Auzeni ayese ndi magalimoto 3. Matayala ndi 12. Kodi 4 × 12 ndi 3? Ayi. Yolondola ndi T = 4G. Mwana amene amaona T ngati chidule cha "tayala" adzavutika ndi samu iliyonse ya mawu mpaka atamvetsa kuti T ndi nambala imene sitinaidziwe.

Ndiwonjezereko kanthu kena kamene kamalimbitsa ana mtima. Aljebura inayamba ndi mawu, zilembo zinabwera mochedwa kwambiri. Al-Khwarizmi, amene ankagwira ntchito ku Baghdad cha m'ma 820 ndipo dzina la aljebura linachokera ku mawu akuti al-jabr a m'buku lake, ankalemba masamu ake onse m'ziganizo, popanda x kapena chizindikiro chilichonse. Chizindikiro cha = anachiyambitsa Robert Recorde mu 1557, ndipo mwambo wotenga x, y ndi z pa zinthu zosadziwika unafala kuchokera kwa René Descartes mu 1637. Fomula ndi chiganizo chofupikitsidwa. Mwana amene angathe kunena P = 2L + 2W m'mawu ake, kuti "ukazungulira umadutsa mbali yaitali kawiri ndi yaifupi kawiri", ali kale pakati pa ulendo.

Mmisiri_wa_Madzi ayankha:

Mayi afotokoza bwino za kuwerenga. Ine ndikhudze miyeso, chifukwa apa ndi pamene mwana amasankha fomula yolondola, kulowetsa manambala molondola, kuwerengetsa molondola, yankho n'kukhalabe bodza.

Fomula iliyonse imafuna kuti miyeso igwirizane, koma siinena zimenezo. Tengani mtunda = liwiro × nthawi. "Galimoto yayenda mphindi 45 pa liwiro la makilomita 80 pa ola. Yayenda mtunda wautali bwanji?" Pali mayankho atatu amene mudzawaone. Woyamba achulukitsa 80 ndi 45 n'kupeza makilomita 3,600. Wachiwiri wakumbukira kuti nthawi iyenera kukhala m'maola, koma walemba mphindi 45 ngati 0.45, n'kupeza 36. Wachitatu wagawa 45 ndi 60 n'kupeza 0.75, ndipo 80 × 0.75 ndi makilomita 60. Wachiwiriyo ndiye woopsa, chifukwa 36 ikuoneka yotheka. Ola lili ndi mphindi 60, osati 100, choncho maola 2 ndi mphindi 30 ndi 2.5 osati 2.3, ndipo ola limodzi ndi mphindi 20 ndi 1⅓ osati 1.2.

Mankhwala a woyamba uja ndi kuyerekeza asanawerengetse. Ola lathunthu likanapereka makilomita 80. Mphindi 45 sizikwana ola, choncho yankho likhale pansi pa 80, komanso pamwamba pa 40 chifukwa zaposa theka la ola. Kuganiza kwa masekondi khumi kumeneku kukuchotsa 3,600 ndi 36 yemwe nthawi imodzi.

Nayi samu imene ili ndi misampha itatu, ndipo ndi yabwino kuisova pabolodi pang'onopang'ono: "Thanki yozungulira ngati mgolo ndi ya mamita 2 kuchokera mbali ina kukafika mbali ina kudutsa pakati, ndipo ndi yozama mamita 1.5. Mpopi ukuthiramo malita 30 pa mphindi. Idzadza pakatha nthawi yaitali bwanji?"

Fomula ya voliyumu ndi V = πr²h. Msampha woyamba: mamita 2 aja ndi dayamita, pamene fomula ikufuna radiyasi, yomwe ndi theka lake, mita imodzi. V = 3.14 × 1² × 1.5 = 4.71 m³. Amene walowetsa 2 apeza 18.84. Onani kuti cholakwacho sichikuchulukitsa yankho kawiri koma kanayi, chifukwa r akudzichulukitsa yekha. Msampha wachiwiri: voliyumu yatuluka m'makiyubiki mita, pamene mpopi akuuyeza m'malita. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, ndiye thankiyo imalowa malita 4,710. Amene wadumpha apa agawa 4.71 ndi 30 n'kupeza kuti thanki yonseyo idzadza m'masekondi osakwana khumi. Zolondola ndi 4,710 ÷ 30 = mphindi 157. Msampha wachitatu uli pobwerera ku maola. Mukagawa 157 ndi 60, kakyuleta ikupatsani 2.62, ndipo wina alemba "maola 2 ndi mphindi 62". Chotsani mphindi 120 za maola awiri pa 157, patsala 37. Maola 2 ndi mphindi 37.

Pa eriya ndi voliyumu ana amasintha miyeso ngati akusintha kutalika. Mita ndi masentimita 100, inde, koma sikweya mita ndi 100 × 100, masikweya sentimita 10,000, ndipo kiyubiki mita ndi 100 × 100 × 100, makiyubiki sentimita 1,000,000. Njira yotetezeka ndi kusintha mbali iliyonse kukhala muyeso umodzi musanachulukitse. Khoma la mamita 4 mulitali ndi masentimita 250 m'mwamba: sinthani 250 akhale 2.5, kenako 4 × 2.5 = 10 m².

Maperesenti nawo ndi muyeso wobisika. Pa fomula ya chiwongoladzanja chosawonjezekera, I = PRT, I ndi chiwongoladzanjacho, P ndi ndalama yoyamba, R ndi gawo la pa chaka ndipo T ndi zaka. Ndalama 8,000 pa 6 peresenti pa chaka kwa miyezi 9: 8,000 × 0.06 × 0.75 = 360. Wolowetsa 6 m'malo mwa 0.06 apeza 36,000, chiwongoladzanja choposa ndalama imene inasungidwa. Mabuku ena amalemba I = PRT ÷ 100, ndipo mu imeneyo mumalowetsa 6 weniweniyo. Vuto limabwera mwana akasakaniza ziwirizi, kulemba 0.06 n'kugawanso ndi 100. Sankhani imodzi, muigwiritse ntchito chaka chonse.

Ana akamadandaula kuti kulemba miyeso pa mzere uliwonse n'kotopetsa, mukhoza kuwauza za Mars Climate Orbiter, chombo cha NASA, bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga, chimene chinatayika chitafika ku pulaneti ya Mars mu 1999. Gulu lina la akatswiri linapereka manambala a mphamvu yokankhira chombocho m'mapaundi, pamene pulogalamu yolandira manambalawo inkawatenga ngati ali m'manyutoni. Mafomula onse anali olondola.

Mphunzitsi_Watsopano walemba:

Zikomo kwambiri mayi, zikomo bambo. Za mabulaketi opanda kanthu ndi zoyesa yankho pachithunzi ndazigwira. Funso lachiwiri lija latsala: kutembenuza fomula kaye, kapena kulowetsa manambala kaye? Komanso mabuku ena ali ndi kathirayango kolembedwa mtunda pamwamba, liwiro ndi nthawi pansi, mwana n'kumaphimba ndi chala chimene akufuna. Kodi n'kothandiza? Ndipo masamu a magalimoto awiri, ina kuthamangitsa inzake, muwayamba bwanji? Pamenepo fomula ndi imodzi koma zinthu zoyenda ndi ziwiri.

Woyeza_Malo ayankha:

Aphunzitsi, kwa mwana wongoyamba, alowetse manambala kaye. Chifukwa chake n'chakuti akatero amatsala ndi ikweshoni ya chilembo chimodzi, mtundu umene mwati amautha kale. "Thirayango ili ndi eriya ya 36 cm² ndipo tsinde lake ndi masentimita 9. Ndi yaitali bwanji m'mwamba?" A = ½bh, ndiye 36 = ½ × 9 × h, 36 = 4.5h, h = 8. Palibe chachilendo. Wodumpha theka lija apeza 4, ndipo akajambula rekitango ya 9 ndi 4 aona kuti 36 ndi eriya ya rekitango yonseyo, osati ya thirayango imene ili m'kati mwake.

Kutembenuza fomula kubwere pamene mwana waona yekha phindu lake. Mpatseni manambala asanu a kutentha m'madigiri a Fahrenheit kuti awasinthe akhale a Celsius, ndi fomula ya F = (9/5)C + 32. Akasova kachitatu adzaona kuti akubwereza njira imodzimodzi: kuchotsa 32, kuchulukitsa ndi 5, kugawa ndi 9. Pamenepo muuzeni achite zomwezo pa chilembo F, ndipo C = 5(F − 32) ÷ 9 ituluka m'manja mwake. Dongosolo lake ndi la kuvula: chimene chinavalidwa pomaliza ndicho chimayamba kuvulidwa. C anachulukitsidwa kaye ndi 9/5, kenako anawonjezeredwa 32, choncho pobwerera timayamba ndi 32. Madigiri 95 a Fahrenheit: 95 − 32 = 63, 63 × 5 = 315, 315 ÷ 9 = 35. Wosintha dongosolo amachulukitsa 95 ndi 5/9 kaye n'kuchotsa 32 pambuyo, napeza 20.8. Fomula yotembenuzidwa aziiyesa ndi manambala odziwika: madzi amaundana pa 32 °F, pomwe ndi 0 °C, ndipo amawira pa 212 °F, pomwe ndi 100 °C. Ikalephera pa awiriwa, yalakwika.

Kathirayango kaja sindikakonda, ndipo ndinena chifukwa chake. Kamagwira pa mafomula a mtundu umodzi wokha, a chinthu chimodzi chofanana ndi ziwiri zochulukitsana. Mwana amene wakazolowera amayesa kukagwiritsa ntchito pa P = 2L + 2W kapena pa fomula ya kutenthayi, pomwe pali kuphatikiza, ndipo kamamusocheretsa. Komanso kamamubisira chinthu chokhacho chimene aljebura ikufuna kumuphunzitsa, chakuti ikweshoni ndi sikelo ndipo chimene wachita mbali ina uchitenso mbali inayo. N'chimodzimodzi ndi mawu aja akuti "ikawoloka imasintha chizindikiro". Pa 6W + 6 = 54 amagwira. Pa 6W = 48 mwana amawolotsa 6 n'kumusandutsa −6, napeza 42 kapena −8. Azinena chimene akuchitadi: ndikuchotsa 6 mbali zonse, ndikugawa ndi 6 mbali zonse.

Za zinthu ziwiri zoyenda, fomula imagwiritsidwa ntchito kawiri, kamodzi pa chilichonse, ndipo ikweshoni imachokera pa funso ili: mitunda iwiriyi ikugwirizana bwanji? Ajambule mzere, osati magalimoto.

"Wanjinga wanyamuka pa liwiro la makilomita 12 pa ola. Patatha ola limodzi ndi theka, wanjinga yamoto wanyamuka pamalo omwewo kumutsatira, pa makilomita 48 pa ola. Amupeza pakatha nthawi yaitali bwanji?" Tinene kuti t ndi maola amene wanjinga yamoto wayenda. Wanjinga yakapalasa anayamba kale, choncho nthawi yake ndi t + 1.5. Pamene akupezana, onse achoka pamodzi ndipo ali pamodzi, ndiye mitunda yawo ndi yofanana:

12(t + 1.5) = 48t
12t + 18 = 48t
18 = 36t
t = 0.5

Theka la ola. Kuyesa: 48 × 0.5 = 24, ndipo 12 × 2 = 24. Cholakwa chofala ndi kupereka 1.5 uja kwa wanjinga yamoto, poti chiganizo chamutchula pamodzi ndi nambalayo. Zikatero t amatuluka −2. Nthawi ya mainasi si chinthu chongofufuta chizindikiro n'kupitiriza, ndi chenjezo lakuti ikweshoni yaikidwa chagada. Funso loti mwana adzifunse ndi lakuti: ndani wakhala pamsewu nthawi yaitali?

Zikakhala kuti zikuyenda kukumana, mitunda siifanana koma imaphatikizana. Mizinda iwiri yotalikirana makilomita 300, galimoto ina pa 60 ndi ina pa 90, zanyamuka nthawi imodzi: 60t + 90t = 300, t = 2. Ina yayenda 120, ina 180, pamodzi 300.

Pali imodzi imene imagwetsa ngakhale ana anzeru. Ulendo wa makilomita 120, kupita pa 60 pa ola, kubwerera pa 40 pa ola. Liwiro la avereji? Pafupifupi aliyense anena 50. Koma kupita kwatenga maola 2, kubwerera maola 3, ulendo wonse ndi makilomita 240 m'maola 5, ndiye 48. Galimotoyo yakhala nthawi yaitali pa liwiro lotsikalo, n'chifukwa chake avereji yapendekera kumeneko. Liwiro la avereji ndi mtunda wonse kugawa ndi nthawi yonse, basi.

Mayi_wa_Masamu ayankha:

Ndikugwirizana ndi bambo Woyeza_Malo pa zonse, kupatula kuti kathirayango ndingamusiyire mwana amene watha kale kusonyeza chifukwa chake nthawi = mtunda ÷ liwiro. Kwa woteroyo ndi chokumbutsa chabe. Kwa amene sanafikepo, ayi.

Funso lawo lija, "mitunda ikugwirizana bwanji", lili ndi abale ake pa masamu ena, ndipo ndi bwino ana aone kuti ndi funso limodzi: n'chiyani chimene sichikusintha, kapena chimene tingachiwerenge m'njira ziwiri? Pa zosakaniza, tengani malita 10 a madzi a mankhwala a mphamvu ya 30 peresenti, amene tikufuna kuwasungunula afike pa 20 peresenti. Tikathira madzi, mankhwala enieniwo sakuwonjezeka kapena kuchepa. Analipo 0.3 × 10, malita 3, ndipo atsala malita 3 omwewo. Choncho 3 = 0.2(10 + x), 3 = 2 + 0.2x, x = 5. Tithire malita 5 a madzi, ndipo 3 pa 15 ndi 20 peresenti ndithu. Pa mipopi iwiri, wina wodzaza thanki m'maola 6 ndi wina m'maola 3, zimene zimaphatikizana si maola koma gawo la thanki lodzazidwa pa ola: 1/6 + 1/3 = 1/2, ndiye pamodzi maola 2. Wopeza 9 kapena 4.5 afunsidwe ngati mipopi iwiri ingachedwe kuposa umodzi wothamangawo uli wokha.

Pa maperesenti obwerera m'mbuyo samalani kwambiri. Ndalama zafika pa 5,600 zitakhala zaka 2 pa 6 peresenti pa chaka, chiwongoladzanja chosawonjezekera. Zinali zingati poyamba? Ana amachotsa 12 peresenti ya 5,600 n'kupeza 4,928. Koma 12 peresentiyo inawerengedwa pa ndalama yoyamba, imene sitikuidziwa. Ndiye P + 0.12P = 5,600, 1.12P = 5,600, P = 5,000.

Ndibwererenso kwa ana anu a 8.5 aja, aphunzitsi. Musawaphunzitse kuti yankho la desimo ndi chizindikiro cha kulakwa, chifukwa mulifupi mwa malo mukhoza kukhaladi mamita 8.5, ndipo mwana woopa desimo amayamba kusintha ntchito yolondola kuti ituluke nambala yathunthu. Chimene chimaweruza ndi chinthu chimene chikuwerengedwacho. Mamita, malita ndi maola zimagawika. Anthu ndi mabasi sizigawika. Anthu 130 okwera mabasi a mipando 30 akupereka 4.33, ndipo yankho ndi mabasi 5, ngakhale lamulo lozungulitsa manambala likuti 4, chifukwa mabasi 4 anyamula anthu 120 okha n'kusiya 10. Koma thabwa la masentimita 130 lodulidwa zidutswa za masentimita 30 likupereka 4.33 yemweyo, ndipo apa yankho ndi zidutswa 4, kachidutswa ka masentimita 10 n'kutsala. Apatseni ziwirizi tsiku limodzi, motsatizana, ndipo yankho lililonse alilembe m'chiganizo chathunthu chokhala ndi muyeso wake.